Shuga akasungunuka m'madzi, n'chifukwa chiyani vapour pressure imatsika?

Chem_Chaka1:
Moni nonse pagulu pano. Ndili chaka choyamba ku koleji ndipo tafika pa mutu wa colligative properties, makhalidwe a madzi omwe amasintha malinga ndi kuchuluka kwa zosungunukamo, osati mtundu wake. Masamu ake sakundivuta, ndikaika manambala mu formula ya Raoult yankho likutuluka bwinobwino. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi chifukwa chake. Buku lathu likuti ukasungunula shuga m'madzi, vapour pressure imatsika chifukwa mamolekyu a shuga amakhala pamwamba pa madziwo n'kutseka njira, ndiye mamolekyu a madzi othawira mumpweya amachepa. Koma ngati shugayo akutseka njira yotulukira, sakutsekanso njira yobwererera? Pajatu nthunzi imabwerera m'madzi podzera pomwepo. Ndithandizeni chonde, mayeso ayandikira.

Makaniko_Joni:
Ine ndimakonza magalimoto kuno ku Johannesburg, ndipo nkhani imeneyi ndimakumana nayo pa radiator. Ayambe ndi aphunzitsi, ine funso langa ndifunsa pambuyo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanga, wafunsa bwino. Tiyambe ndi zomwe zimayezedwa, kenaka tikambe chifukwa chake.

Thira madzi m'botolo mpaka theka, utseke. Mamolekyu ena amachoka m'madzimo n'kukhala nthunzi pamwamba, ena amabwerera. Pakapita nthawi otuluka ndi obwerera amafanana, ndipo mphamvu yomwe nthunziyo ikukankha nayo pamenepo ndiyo vapour pressure. Ya madzi oyera ndi 2.34 kPa pa 20°C, 3.17 kPa pa 25°C, ndipo pa 100°C imafika 101.3 kPa. Nambala yomalizayi ikufanana ndi mphamvu ya mpweya wotizungulira pa malo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja ya mchere, n'chifukwa chake kumeneko madzi amawira pa 100°C.

François-Marie Raoult, yemwe ankaphunzitsa ku Grenoble m'dziko la France, anasungunula zinthu zosiyanasiyana m'zamadzimadzi zosiyanasiyana n'kumayeza. Mu 1882 anatulutsa zomwe anapeza pa kuundana, ndipo mu 1887 za vapour pressure. Anaona kuti vapour pressure ya solution (chosakanizacho) ndi ya solvent yoyera (chosungunuliramo, monga madzi) kuchulukitsa ndi mole fraction ya solventyo, kutanthauza gawo la mamolekyu ake pa mamolekyu onse.

Tengani shuga magalamu 342, omwe ndi mole imodzi (mole ndi muyeso wowerengera kuchuluka kwa mamolekyu), muwasungunule m'madzi okwana kilogalamu imodzi, omwe ndi ma mole 55.5. Mole fraction ya madzi ndi 55.5 kugawa ndi 56.5, yankho 0.982. Pa 25°C vapour pressure itsika kuchoka pa 3.17 kufika cha pa 3.11 kPa. Madzi amenewa awira pa 100.51°C ndipo aundana pa −1.86°C. Mukachotsa shugayo n'kuikapo glucose magalamu 180 kapena urea magalamu 60, manambala atuluka pafupifupi omwewo, chifukwa zonsezi ndi mole imodzi. Madzi safunsa kuti mlendoyo ndani, amangowerenga kuti alendowo abwera angati.

Chem_Chaka1:
Zikomo aphunzitsi, apa ndamva. Nanga za kutseka njira zija, zili bwino kapena ayi?

Mphunzitsi_Wopuma:
Ine ndinkaphunzitsa choncho ndipo ndikhoza kuziteteza. Molekyu ya nthunzi ikagwera pa molekyu ya shuga siibwerera m'mwamba, imakakamira n'kulowa m'madzimo. Ndiye obwerera sachepa. Koma otuluka amachepa, poti pamalo pomwe pali shuga palibe molekyu ya madzi yoti ichoke. Ukawerengera choncho umapeza yankho la Raoult lomwelo.

Chem_Chaka3:
Pepani aphunzitsi, ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, mwaulemu ndithu. Chithunzi chimenecho chimatulutsa yankho lolondola, koma mchere wamba umachigwetsa.

Mchere ukasungunuka, surface tension ya madzi, yomwe ndi kulimba kwa kachikopa ka pamwamba pake, imakwera. Zimenezi zikutanthauza kuti ma ion a mcherewo, tizidutswa take tokhala ndi mphamvu ya magetsi, amapewa pamwamba penipeni pa madzi, amakonda kukhala m'kati momwe azunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Kukanakhala kuti nkhani ndi yotseka njira pamwamba, bwenzi mchere ukutsitsa vapour pressure pang'ono kwambiri. Koma mole imodzi ya mchere imatsitsa pafupifupi kawiri kuposa mole imodzi ya shuga, poti mchere umagawika kukhala ma ion awiri.

Tiyang'anenso mbali inayo. Pali mankhwala otchedwa cetyl alcohol omwe amayandama pamadzi n'kuphimba pamwamba ponse, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anawayesa pa madamu ku Australia pofuna kuti madzi asamaphwe msanga. Amachedwetsadi kuphwa. Koma mukaika madzi ophimbidwa chonchi m'botolo lotseka n'kudikira, nthunzi idzafika pa mlingo womwewo wa madzi oyera. Kutseka njira kumasintha liwiro lokha, sikusintha pomwe zinthu zikathere.

Chifukwa chenicheni ndi entropy, muyeso wa kuchuluka kwa njira zomwe mamolekyu angakhalire. Madzi amasanduka nthunzi chifukwa mu nthunzi mamolekyu ali ndi njira zochuluka zokhalira kuposa m'madzi. Mukasakaniza ndi shuga, madzi a m'botolomo apeza kale njira zina zowonjezera ali momwemo, chifukwa pali masanjidwe ambirimbiri a mamolekyu a madzi ndi a shuga. Ndiye chowakokera ku nthunzi chachepa. M'masamu timati chemical potential ya madzi mu solution, yomwe ndi mphamvu yowakankha kuchoka pomwe ali, ndi ya madzi oyera kuphatikiza RT ln x, pomwe x ndi mole fraction ya madzi, T ndi kutentha ndipo R ndi nambala yosasintha. Popeza x sakwana 1, ln x ndi negative, ndiye chemical potential yatsika. Taonani kuti mu formula imeneyi mulibe kukula kwa molekyu, mulibe kulemera kwake, mulibenso za pamwamba pa madzi. Muli kuchuluka kokha.

Chem_Chaka1:
Achimwene, ndiye kuundana kukulowa bwanji pamenepa? Ku kalasi atipatsa ma formula anayi ngati nkhani zinayi zosiyana.

Chem_Chaka3:
Ndi nkhani imodzi, achemwali. Shuga salowa mu nthunzi, komanso salowa mu ayisi, chifukwa madzi akamaundana amamutaya kunja. Ndiye nthunzi ili chimodzimodzi, ayisi ali chimodzimodzi, chomwe chasintha ndi madzi amadzimadzi okha, akhazikika kuposa kale. Kuti muwatulutse apite ku nthunzi muyenera kutenthetsa kuposa 100°C. Kuti muwatulutse apite ku ayisi muyenera kuziziritsa kupitirira 0°C. Mukawaika moyandikana ndi madzi oyera pakati pali membrane, kachikopa kolola madzi okha kudutsa, madzi oyerawo ndi amene asamukire kwa iwo, ndipo imeneyo ndiyo osmosis. Chithunzi cha kutseka njira pamwamba sichingafotokoze ziwiri zomalizazi, poti pa ayisi ndi pa membrane palibe nthunzi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mfundo ya mchereyo ndi yolimba, mnyamata wanga, ndipo amene wafika pa thermodynamics aigwiritse. Ndingowonjeza kuti mwana amene akumva koyamba za mole fraction amafuna choti achione m'maganizo, ndipo chithunzi chija chimamuphunzitsa kuti chofunika ndi kuwerenga tizidutswa. Pa mayeso lemba kuti solute, chosungunukacho, imachepetsa mole fraction ya solvent ndi kukweza entropy ya solution. Palibe wochonga amene angakudule pamenepo.

Pali experiment yomwe aliyense angachite kunyumba. Tengani matambula awiri ang'onoang'ono, m'modzi muthire madzi oyera, m'mwina madzi amchere wambiri, ofanana mlingo. Lembani chizindikiro pa mlingowo, muwaike onse m'chigubu chimodzi chotseka bwino n'kuchisiya pamalo pomwe sipafika dzuwa. Pakapita masiku mudzaona madzi oyera akutsika, amchere akukwera. Palibe wawakhudza. Nthunzi ya m'chigubumo ndi yochepa kwa madzi oyera koma ndi yochuluka kwa amcherewo, ndiye mbali ina imangopereka, ina imangolandira.

Mayi_wa_Grosale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Aphunzitsi, kodi zimenezi ndi zomwe zimanyowetsa mchere nthawi ya dzinja? Mugrosale mwanga mchere wa miyala umachita kudontha madzi m'thumba mu Januwale, pomwe denga silidontha. Mu Okutobala umakhala wouma gwa.

Chem_Chaka3:
Ndi zomwezo ndithu, mayi. Madzi okhuta mchere, omwe ndi pafupifupi magalamu 36 a mchere m'magalamu 100 a madzi, vapour pressure yake ndi 75 peresenti yokha ya madzi oyera. Ndiye chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, monga zimakhalira mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, nthunzi ya mumpweya imaposa yomwe kachinyontho ka pamchere kangabweze. Madzi amayamba kutsikira pamcherepo, amasungunula wina, n'kumakokabe ena. Mchere wosayengedwa umayamba msanga chifukwa umakhala ndi magnesium chloride pang'ono, yemwe amayamba kukoka madzi chinyezi chikangofika cha pa 33 peresenti. Mankhwala ake ndi kuusunga mu ndowa yotseka bwino ndi kumatsegula thumba limodzi panthawi.

Achemwali a chaka choyamba, taonani apa. Mukawerengera ndi Raoult, ma ion ndi ma mole pafupifupi 12.3 pa ma mole 55.5 a madzi, ndipo mupeza 82 peresenti. Choyezedwa ndi 75. Lamulo la Raoult limagwira bwino solute ikakhala yochepa. Ikachuluka chonchi ma ion amagwira mamolekyu ambiri a madzi mwamphamvu, ndipo vapour pressure imatsika kuposa momwe formula ikunenera.

Mwana_wa_Asodzi:
Kwathu ku Mangochi zimenezi ndi zomwe zimasunga nsomba, ngakhale sitizitchula choncho. Tizilombo tooletsa chakudya timafuna madzi oti titha kuwakoka, osati kungoti madzi alipo. Akatswiri a zakudya amayeza water activity, yomwe ndi vapour pressure ya chakudyacho kugawa ndi ya madzi oyera. Mabakiteriya ambiri saswana nambalayi ikatsika kupitirira 0.91. Nsomba yokhuta mchere imakhala cha pa 0.75, uchi cha pa 0.6. N'chifukwa chake uchi umakhalitsa osawonongeka ngakhale uli ndi madzi m'kati, koma mukausiya osatseka nthawi ya mvula umakoka chinyezi pamwamba n'kuyamba kusasa.

Mayi_wa_Grosale:
Nanga zoti ukathira mchere mumphika madzi amawira msanga? Ine ndimaona ndi maso anga, ukangothira amachita thovu nthawi yomweyo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Thovulo mumalionadi, mayi, koma si kuwira msanga. Madzi akatsala pang'ono kuwira, timiyala ta mchere timapereka malo poti thovu liyambire, ndiye limabuka kamodzi n'kuzilala. Mchenga ungachitenso chimodzimodzi. Mcherewo ukasungunuka umachedwetsa kuwira, koma pang'ono zedi. Magalamu 10 mu lita imodzi ndi ma mole 0.17, ma ion ake 0.34, kuchulukitsa ndi 0.512, mlingo womwe mole imodzi imakwezera kuwira mu kilogalamu ya madzi, yankho cha pa 0.17°C. Pophika simungazindikire.

Chomwe chimasintha kwambiri ndi kukwera kwa malo. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 ndipo madzi amawira cha pa 96 kapena 97°C. Pa Sapitwa, pamwamba pa phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, amawira cha pa 90°C. Apo vapour pressure ya madzi sinasinthe, chomwe chachepa ndi mpweya wowapanikiza. Ophunzira ambiri amasakaniza ziwirizi pa mayeso.

Makaniko_Joni:
Tsopano ndi nthawi yanga, bambo aphunzitsi. Kuno mu Juni ndi Julaye usiku kumatha kuzizira kupitirira 0, ndipo madzi okha akaundana mu injini amatha kung'amba radiator kapena block. Timathira antifreeze theka madzi theka, ndipo pabotolo amalemba kuti imapirira mpaka cha pa −37°C. Mafunso anga ndi awiri. Makasitomala ena amafuna ndithire antifreeze yekhayekha wopanda madzi, akuti ndiye chitetezo chokwanira. Ine ndimakana chifukwa ndi momwe ndinaphunzirira ntchito, koma ndikufuna chifukwa choti ndiziwauza. Chachiwiri, bwanji sitingothira shuga kapena mchere poti zonse zikutsitsa?

Chem_Chaka3:
Pitirizani kukana, achimwene. Ethylene glycol, yemwe ndiye antifreeze wanuyo, yekha amaundana cha pa −13°C, ndiye kasitomala wofuna wosasakaniza akupempha chitetezo chochepa kuposa cha theka ndi theka. Lamulo lija limagwira mbali zonse: glycol amatsitsa pomwe madzi amaundana, madzi nawonso amatsitsa pomwe glycol amaundana, ndipo potsikitsitsa pali pakati. Komanso glycol sanyamula kutentha bwino ngati madzi, injini ikhoza kumatentha.

Za shuga, werengani tizidutswa. Mole imodzi ya glycol ndi magalamu 62, ya shuga ndi 342. Pa kilogalamu iliyonse glycol akupatsani mamolekyu ochuluka kuposa kasanu. Mchere uli ndi tizidutswa tambiri koma udya zitsulo. Pa kuwira, theka ndi theka amakweza kufika cha pa 107°C pamalo otsika, koma ntchito yaikulu imagwiridwa ndi chivundikiro cha radiator. Chikapanikiza ndi bar imodzi yowonjezera, ngakhale madzi okha amafika cha pa 120°C asanawire.

Makaniko_Joni:
Ndiye chifukwa chake galimoto ya cap yotha imawira pokwera mtunda ngakhale coolant ali watsopano. Ndipemphenso onse apagulu: antifreeze amatsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Musamusunge m'botolo la zakumwa pomwe pali ana kapena agalu.

Nesi_ku_Leeds:
Moni akuluakulu. Kuno nthawi yozizira magalimoto a khonsolo amayenda usiku akumwaza mchere wa miyala m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo wambiri umachokera ku mgodi wa Winsford ku Cheshire. Pomwe madzi amchere amaundana sipangatsike kupitirira −21°C ngakhale muwonjeze mchere bwanji, ndipo pamsewu mphamvu yake imayamba kuchepa kusanafike pamenepo. Kumaiko ozizira kwambiri amagwiritsanso calcium chloride, yemwe amatulutsa ma ion atatu.

Koma chomwe ndalowera ndi cha kuchipatala, chifukwa kwa ife nkhaniyi ndi ya moyo. Drip ya saline imakhala ndi mchere 0.9 peresenti, ma millimole 154 pa lita, ma ion ake 308. Nambala imeneyi inasankhidwa kuti iyandikire ya magazi, omwe amakhala pakati pa 275 ndi 295. Mutaika madzi oyera mumtsempha, maselo ofiira angamwe madzi mpaka kuphulika. Ndipo makina ambiri a ku lab oyezera osmolality, kuchuluka kwa tizidutswa tosungunuka m'madzi, amachita kuunditsa kadontho n'kuona kaundana pati. Madzi a m'magazi amaundana cha pa −0.52°C.

Amayi apagulu, mverani ichi. Mu 2002 WHO ndi UNICEF anatsitsa mlingo wa ORS kuchoka pa 311 kufika pa 245 milliosmole pa lita, chifukwa madzi okhathamira kwambiri amakokera madzi a m'thupi kulowa m'matumbo. Mwana akamatsegula m'mimba, paketi ya Thanzi muisungunule m'madzi okwana monga alembera papaketipo, musachepetse madzi poganiza kuti igwira ntchito msanga. Zakumwa zotsekemera za m'botolo zili ndi shuga wochuluka ndi mchere wochepa, zikhoza kuwonjezera kutsegulako.

Mayi_wa_Grosale:
Zikomo anesi, zimenezi ndiuza amayi anzanga. Ndimagulitsanso ma freezes. Ndikachulutsa shuga salimba mu firiji, ndipo ana akamayamwa kukoma kumatha msanga n'kutsala ayisi woyera.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndi zomwe ananena mnyamata uja, kuti ayisi amataya shuga kunja. Madzi akamaundana, shuga yense amaunjikana m'madzi otsalawo, ndipo akamakhathamira pomwe angaundane pamatsikirabe. Mapeto ake muli timiyala ta ayisi tozunguliridwa ndi manyuchi osaundana. Mwana amayamwa manyuchiwo.

Mwana_wa_Asodzi:
Ndifunse nawo. Zonsezi mukuti chosungunukacho chimakweza pomwe madzi amawira. Koma ophika kachasu amadalira kuti mowa umatuluka madzi asanafike pa 100. Si kutsutsana kumeneko?

Chem_Chaka3:
Ayi, chifukwa zonse takambazi ndi za solute yomwe siisanduka nthunzi. Ethanol amasanduka nthunzi mosavuta kuposa madzi, yekha amawira pa 78°C. Gawo la madzi mu nthunzi limatsikadi, koma ethanol amawonjezapo gawo lake lalikulu, ndiye zonse pamodzi zimaposa za madzi okha ndipo zimawira msanga. Nthunziyo imakhala ndi ethanol wochuluka kuposa wa mumphika. Awiriwa satsatanso Raoult bwinobwino, vapour pressure yawo imakwera kuposa yowerengera, ndipo pa 95.6 peresenti nthunzi ndi zamumphika zimafanana. Kuchokera apo ngakhale mutcheze kangati simungapitirire. Imeneyo ndiyo azeotrope, mudzaipeza chaka chachiwiri.

Chem_Chaka1:
Ndabweranso ndi funso la m'pepala lakale. Akuti 0.1 molal NaCl (ma mole 0.1 a mchere pa kilogalamu ya madzi) inaundana pa −0.348°C, pezani i, nambala yosonyeza kuti mcherewo ukugwira ntchito ngati tizidutswa tingati. Ndagawa 0.348 ndi 0.186 (0.1 kuchulukitsa ndi 1.86) ndapeza 1.87. Bwanji sikukwana 2? Kodi mchere wina sunagawikane?

Mphunzitsi_Wopuma:
1.87 ndi yolondola. Funso lakolo linavutitsa akuluakulu. Jacobus van 't Hoff, yemwe analandira mphoto yoyamba ya Nobel ya chemistry mu 1901, anaika i mu formula yake chifukwa mchere ndi ma acid zinkapereka manambala okwera kuposa oyembekezeka. Svante Arrhenius mu 1887 ndiye anati zinthuzi zimagawika kukhala ma ion zikangolowa m'madzi, ndipo kuperewerako ankakuona ngati kugawika kosamaliza, monga waganizira iwe. Pa acetic acid ndi zoonadi. Pa NaCl, Peter Debye ndi Erich Hückel anaonetsa mu 1923 kuti ma ion agawika onse, koma a positive ndi a negative amakokana, ndiye sayenda momasuka ngati tizidutswa todziimira patokha. Ukawonjeza madzi amatalikirana ndipo i amayandikira 2. Palinso zotsika kupitirira 1: acetic acid mu benzene amagwirana awiriawiri, i amayandikira 0.5.

Tayesa ili. Haemoglobin, protein ya m'maselo ofiira a magazi, mole imodzi ndi magalamu pafupifupi 64,500. Wasungunula magalamu 10 mu lita imodzi pa 25°C. Ukufuna kuyeza molar mass yake. Ugwiritsa kuundana kapena osmotic pressure, mphamvu yofunika kuti uletse osmosis?

Chem_Chaka1:
Ma mole ndi 10 kugawa ndi 64,500, ndapeza 0.000155 pa lita. Kuundana kutsika ndi 0.000155 kuchulukitsa ndi 1.86, yankho 0.0003°C. Thermometer ya mu lab yathu singaone zimenezo. Osmotic pressure: ma mole 0.155 pa cubic metre, kuchulukitsa ndi 8.314, kuchulukitsanso ndi 298, ndapeza 384 Pa. Ndagawa ndi 1,000 ndi 9.81 kuti ndione madzi akwera bwanji mu chubu, ndapeza mamita 0.039. Aphunzitsi, amenewa ndi masentimita pafupifupi 4, oti nditha kuyeza ndi rula. Ndisankha osmotic pressure.

Chem_Chaka3:
Zili bwino. Mungosamala chinthu chimodzi mukadzachita mu lab: protein imasungunulidwa mu buffer, madzi oletsa kusintha kwa asidi, yokhala ndi mchere, ndipo ma ion a mcherewo ndi ochuluka kwambiri kuposa mamolekyu a protein. Mufunika membrane yolola mchere kudutsa koma yotsekera protein yokha, ndipo buffer yomweyo ikhale mbali zonse ziwiri. Mukapanda kutero muyeza mchere m'malo mwa haemoglobin.